Ndinagulitsa Maski Ndisanatsetserekepo

Nditapita kumudzi kukaona abale, mng'ono wanga ndiye anafunsa funso lomwe ena onse ankalizungulira. Ameneyu ndinamusiyira benchi yanga ya nsapato ku Limbe ali woonda ngati bango. Ndinamupeza ali ndi shopu ya chitseko chagalasi, kamimba katatsogola.

"Achimwene, ku London kuja mumagwira ntchito yanji kwenikweni? Anthu akuti mumasambitsa nkhalamba."

"Osambitsa nkhalamba ndi anthu a masatifiketi," ndinatero. "Ine ndimagulitsa matabwa."

Ndinamuonetsa chithunzi pafoni. Ndinamufotokozera kuti amatchedwa maski, matabwa awiri aatali omwe munthu amamangirira ku mabuti n'kutsetsereka nawo paphiri la sinowo.

"Ndiye pansi pa phiripo pamakhala chiyani?"

"Palibe. Umakweranso."

Anandiyang'ana mwachisoni, n'kuuza mkazi wake kuti andiwonjezere ndiwo.

Ine ndine munthu wa pabenchi. Nsapato za kaunjika ndinazigulitsa zaka zambiri, ndipo malamulo anga anali awiri okha. Loyamba, nsapato iliyonse ndi ya paliponse: kutchalitchi, kumaliro, kumunda, ngakhale kukafunsira mbeta. Lachiwiri, mtengo ukakhala umodzi, mpatse munthu chachikulu. Nsapato yaikulu umaikamo nyuzipepala n'kuyenda, yaing'ono ilibe mankhwala. Amene wanyamula chachikulu amapita akumwetulira, poganiza kuti wakudyera. Malamulo amenewa anandilipirira lendi, anandikwatitsa, ndipo ndinakwera nawo ndege pa Chileka ngati katundu wosalipitsa.

Anatsogola ndi mayi a Tadala, akazi anga, omwe ndi anamwino. Ine ndi mwana tinawatsatira pambuyo. Tinkakhala m'kanyumba ka pamwamba pa shopu yokazinga nkhuku ku Lewisham, moti majekete athu onse ankanunkhira mafuta, ndipo agalu a m'paki ankatikonda kwambiri. Ntchito yanga yoyamba inali yokolopa m'maofesi anthu asanafike. Kakang'ono kotumiza kwathu kankapezeka ndithu, koma tsiku lonse linkatha osalankhula ndi munthu. Pakamwa panga panayamba kuchita dzimbiri.

Tsiku lina ku Peckham ndinkanenerera mtengo wa nsomba zouma m'shopu yomwe mitengo yake inali yomata kale. Mwini shopu anakana, anakananso, kenako anandichotsera kuti ndingomuchoka. Kumbuyo kwanga wina anaseka.

"Iwe mudala, kamwa yako iyo ni ndalama. Uchita chani nayo?"

Anali Mulenga, mnzathu wa ku Zambia, wamfupi, wa manja azipsera. Ankakonza katundu m'chipinda chapansi cha shopu ina yomwe nyengo yotentha inkagulitsa njinga, nyengo yozizira maski, atsopano ndi ogwiritsidwapo kale. Mwini wake anali Mayi Maureen, mzungu wachikulire amene mawondo ake anathera m'mapiri. Ankayenda ndi ndodo ya maski m'malo mwa ndodo ya nkhalamba. Ankafuna munthu wothandiza kutsogolo nyengo yozizira yokha, ndipo Mulenga anandiikira umboni.

Tsiku loyamba mayiwo anandiimika pakhoma la maski n'kuyamba kuphunzitsa. Anati opyapyala m'chiuno ndi a sinowo wolimba, wosalazidwa ndi makina. Otambalala ndi a sinowo wofewa, wakuya, wongogwa kumene. Apakati ndiwo ankawatcha a phiri lonse. Nditangomva mawu amenewo mtima unakhala pansi. Ndinati, ohoo, kani azungu nawonso ali ndi nsapato ya paliponse! Zotsalazo ndinazimva ndi khutu limodzi. Ananena kuti ngakhale a phiri lonsewo ali ndi mitundu, ena otsamira kopyapyala, ena kotambalala. Ananenanso za utali woyenera msinkhu ndi luso la munthu. Ine ndinkangogwedeza mutu, maso ali pa mitengo.

Ndipo ndinagulitsa, abale. Azungu a kuno sazolowera kunyengereredwa, ndiye ukawauza kuti thabwali likuwakhala ngati anabadwa nalo, amachita manyazi n'kutulutsa khadi. Mayi Maureen ankakhala kumbuyo ndi mapepala awo, akuona khoma likupepuka.

Kenako kunabwera Thoko, mtsikana wa kwathu amene tinkapemphera naye ku Peckham. Anaphunzira za uinjiniya konkuno, ndipo Chichewa chake chinkatuluka chitavala jekete.

"Ankolo, ndamva kuti ndinu katswiri. Anzanga a ku ofesi tikupita holide ku mapiri a ku France. Ulendo wanga wachiwiri uwu, ndiye ndatopa ndi zobwereka."

Anali atasankha kale maski aafupi, opyapyala pang'ono, omufika pachibwano. Pambali pake panali ena a phiri lonse, otambalala, aatali, okongola ngati chitenje cha chinkhoswe. Mtengo unali umodzi. Magazi a ku Limbe anawira.

"Sisi, mwana wa kwathu sindingamudyere. Ndalama yomweyo, musiye thabwa lonseli n'kutenga timitengo ta machesi?"

"Koma si aatali kwambiri amenewa?"

"Mukula nawo."

"Ine ndikulanso, ankolo? Pa msinkhu uno?"

"Luso lanu ndi lomwe likule. Awa ndi a phiri lonse. Pamwamba, pansi, m'mbali, kulikonse."

Anaseka, n'kulipira. Nditatsikira nawo pansi kuti Mulenga amangepo zogwirira mabuti, iye anayang'ana maskiwo, n'kuyang'ana kabuti ka Thoko.

"Mudala, aya ni ya ndani? Kamuntu ka buti iyi sikangakwanise."

"Kasitomala wasankha yekha," ndinatero. Bodza limenelo linatuluka mosavuta ngati mpweya.

Thoko anabwerera dzanja lili m'chikhakha, maski atawakoka pansi ngati nkhuni. Analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, kuti mayiwo asamve. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa kutukwanidwa.

"Ankolo, kunalibe sinowo watsopano sabata yonse. M'mawa uliwonse phiri linali ayisi yekhayekha. Ndimati ndikhote, iwo akuti ayi, tikupita kutsogolo. Tsiku lachitatu ndinakagwera pa mpanda. Holide yotsalayo ndinaithera pawindo, kuonerera anzanga."

Mayi Maureen sanafunike womasulira. Anatuluka ndi ndodo yawo, anaimika maskiwo pambali pa Thoko, ndipo nsonga zake zinapitirira mutu wa mtsikanayo ndi chikhatho chathunthu. Anamupepesa, anamubwezera zake, anamuperekeza mpaka pakhomo. Atatseka chitseko anatembenukira kwa ine.

"Munamufunsa kumene akupita?"

"Anati ku France, mayi."

"Munamufunsa sinowo wa kumeneko nthawi ino? Munamufunsa ngati amatha kukhota? Inuyo munaimapo pa maski?"

Munthu amene ndinagulitsapo nsapato ziwiri za phazi limodzi, tsiku limenelo ndinangoyang'ana nsapato zanga.

"Kuyambira lero simulankhula ndi kasitomala. Mukhala pansi ndi Mulenga. Ikamakwana nthawi yotsitsa maski kuti tipachike njinga, mudzandiuze zomwe matabwa awa amachita, zomwe mapazi anu aona. Mukadzalephera tidzasiyana bwinobwino."

Kunyumba mayi a Tadala anamvetsera nkhani yonse akuvula nsapato za ku shifiti.

"Bambo a Tadala, ife kuchipatala munthu sitimubaya jakisoni tisanamufunse dzina. Inu mwana wa eni mwamuponya kuphiri osafunsa kanthu? Safunsa anadya phula."

Sankadziwa kuti phula ndi lomwe linkandidikira m'chipinda chapansi. Lamulungu mayi a Tadala anandikoka mpaka pomwe Thoko anakhala titaweruka mapemphero. Ndinapepesa anthu akuona, chipewa chili m'manja. Thoko anangoti, "Dzanja lipola, ankolo. Koma musadzachitenso kwa munthu wina." Ndikubwerera pa basi ndinalumbira chamumtima kuti ku mopu sindibwerera. Kutsogolo kwa shopu kuja ndinachokako ndi manyazi, ndipo ndinafuna kubwererako ndi mapazi anga.

Chipinda chapansi chinalibe windo. Ntchito inali kusungunula phula ndi simbi yamagetsi, kulipaka kunsi kwa maski, kudikira lizizire, kulipala, kenako kunola zitsulo za m'mbali ndi tupa. Zitsulozo zimadula ngati lumo. Sabata yoyamba zala zanga zonse zinavala mapulasitala. Utsi wa phula unkakhala kukhosi mpaka madzulo, msana n'kumalira. Mulenga ankabweretsa tiyi m'fulasiki, ine mandasi a mayi a Tadala, ndipo tinkadya chiimire, tikukangana kuti chimanga chokoma ndi cha dziko liti.

Mulenga anagwirapo ntchito pa phiri lopanga la m'nyumba, kunja kwa London, ndiye maski ankawadziwa ndi thupi lake. Sankaphunzitsa ndi mawu ambiri. Ankagwira dzanja langa n'kuliyendetsa kunsi kwa thabwa.

"Gwila apa. Chisulo chabuntha pakati, uyu enze pa ayisi. Uyu ona mabala, anapita mu miyala. Kasitomala anganame, mudala, ski siinama. Ni iwe chabe unama mu shopu ino."

Anandionetsa momwe maski ena amapindikira m'mwamba kunsonga kuti aziyandama pa sinowo wofewa, n'kundigonekera pabenchi kuti ndione kuti opindika kwambiri chitsulo chawo chimagunda pansi pang'ono chabe. Chitsulo chochepa, kugwira kochepa. Maski a Thoko aja anali otero.

Ku phiri la m'nyumba lija ndinapitako pa sitima masiku anga opuma, pomwe mashifiti a mayi a Tadala analola. Ndinaphunzira pamodzi ndi ana ofika m'chiuno mwanga, omwe ankandidutsa akundiyang'ana ngati galimoto yowonongeka. Ndinaphunzira kuima, kulozetsa nsonga pamodzi, ndi kukhota pang'ono. Koma sinowo wa kumeneko ndi wa makina, lero ndi mawa chimodzimodzi. Nditauza Mayi Maureen kuti tsopano ndikutha, anandifunsa kuti ndaponda mitundu ingati ya sinowo. Ndinati umodzi. Anabwerera ku mapepala awo.

Masabata anatha. Makatoni a njinga anayamba kufika, kuunjikana pamasitepe, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawalambalala ngati munthu wodutsa pamanda. Ku London sinowo sabwera chaka chilichonse, ndipo akabwera sakhalitsa. Ine amene kale ndinkatemberera kuzizira ndinayamba kuyang'ana kumwamba ngati mlimi wa mu Disembala.

Sinowo anagwa Lachisanu, tsiku lonse. Lamulungu m'mawa foni inalira.

"Mudala, vala! Nili pa basi sitopu na vonse. Mailo azasila uyu."

Anali Mulenga, akunena kuti pofika mawa sinowo akhala atatha. Anali atapempha mapeya atatu kwa mayiwo: opyapyala, apakatikati, ndi a Thoko aja. Tinakwera nawo basi, dalaivala akutiyang'ana pagalasi ngati tanyamula denga la munthu. Tinatsikira pa paki ina yomwe ili ndi kaphiri, pomwe umaona nyumba zazitali za m'tauni chapatali. Ndinene zoona, kwathu chimenechija timachitcha chulu. Koma chinali ndi zonse zomwe ndinkafuna. Pakati, pomwe ana anatsetsereka dzulo lake pa mathireyi ndi mapepala apulasitiki, panali patapondedwa n'kuuma gwa, kunyezimira ngati simenti yopolisha. Kumbali, pafupi ndi mpanda wamaluwa, mphepo inali itaunjika sinowo wofika m'miyendo, wosapondedwa ndi munthu.

"Yamba na ya Thoko," anatero Mulenga akundikonzera zogwirira. "Pa ayisi. Umvele vamene anamvela."

Ndinakankha. Poyamba zinali bwino, mphepo kumaso. Kenako ndinafuna kukhota. Kuti chitsulo chilume, umayenera kupendeketsa thabwa, ndipo thabwa lotambalala kulipendeketsa pa ayisi kuli ngati kutembenuza chitseko ndi chala chakuphazi. Bondo linakankha, thabwa linakana. Pansi panamveka kwererere, nsonga zikunjenjemera, ine ndikupita cham'mbali ngati nkhanu. Ndinagwera chiuno, n'kupitiriza ulendo chogona mpaka pa bini ya zinyalala. Gogo wina woyendetsa galu anandifunsa ngati aitane ambulansi. Ndinamuthokoza. Galuyo ananunkhiza jekete langa n'kukana kuchoka.

Ndili chigonere ndinaganiza za Thoko. Ine ndinagwa pa chulu. Iye zimenezi zinamuchitikira pa phiri lenileni, masiku atatu, atakhulupirira mawu a ankolo ake.

Ndinakwera, ndinavala opyapyala, pa ayisi pomwepo. Nditangotsamira pang'ono chitsulo chinaluma, khwee, ndipo thabwa linandikhotetsa lokha ngati likudziwa kwathu. Ndinakuwa ndi chimwemwe. Chimwemwe chomwecho chinanditengera kumbali kuja kwa sinowo wakuya. Nsonga zinamira, miyendo inaima, ine ndinapitirira. Sinowo analowa m'mphuno, m'makutu, mpaka m'malo omwe sindingatchule.

"Manje bwelela na yakulu, kwamene uko," anatero Mulenga, misozi ya kuseka ili m'masaya.

Matabwa omwe aja anafuna kundipha pa ayisi, m'sinowo wofewa anasanduka ena. Nsonga zinayandama pamwamba, phokoso lonse linatha, ndinatsika ngati ndikuyenda pa matiresi. Choipa sanali maski. Ndinawapatsa munthu wolakwika, wopita pa sinowo wolakwika.

Dzuwa litakwera zonse zinasinthanso. Ayisi uja anasungunuka n'kukhala phala lamadzimadzi, la mibulu, lolemera. Opyapyala ankakankhidwa ndi mbulu uliwonse. Otambalala ankaphwanya n'kudutsa, koma pena phalalo linkagwira thabwa mwadzidzidzi ngati wina wakuponda mpendero wa buluku. Pomwe udzu unayamba kuonekera, mitundu yonse inagwirizana chimodzi, kuima nji n'kundiponya.

Apakati aja ndinawayesa ponseponse. Pa ayisi wotsala mumthunzi wa mitengo anagwira, koma osafika pa opyapyala. M'sinowo wakuya anayandama, koma movutikira. M'phala anadutsa. Ali ngati munthu wa maganyu amene amamanga, amapenta, amakonzanso mpope. Sakugwiritsa mwala, koma palibe ntchito imodzi yomwe ungati uyu ndiye mwini wake.

"Tiye mudala, zala zanga zafa," anatero Mulenga masana atapendeka.

"Pita. Ine ndikwerenso."

"Uzafa iwe."

"Ndikafa ukawauze mayi kuti ndafera pa ntchito."

Sanapite. Anakhala pa benchi, manja m'khwapa, akunditukwana m'Chibemba ulendo uliwonse ndikamakwera. Ndinasiya pomwe sinowo anatha, patangotsala matope.

Lolemba ndinalowa m'shopu ndikuyenda ngati ndabereka mwana kumbali. Ndinawauza Mayi Maureen zonse, popanda zokometsera, kugwa kulikonse ndi chifukwa chake. Anamvetsera osandidula. Pomaliza anati, "Loweruka ndi tsiku lomaliza la maski. Mudzakhale kutsogolo. Tsiku limodzi."

Lowerukalo anthu anali ochepa. Chakumasana kunalowa bambo wina wamtali, wa wotchi yolemera, amene analunjika pa maski otambalala kuposa onse, odula kuposa onse. Anali atawaona pa kanema, anthu akuuluka nawo m'sinowo wofika m'chifuwa. Khadi linali kale m'manja. Mayi Maureen anali pakauntala, akunamizira kuwerenga.

Lilime linandiyabwa. Ndinaliluma, n'kuyamba kufunsa. Akupita kuti? Ndi ndani? Anatsetserekapo kangati? Anayankha mosafuna. Ankapita ndi ana ake awiri, sabata yotsatira, m'njira zosalazidwa ndi makina. Iye anayeserapo sabata imodzi yokha m'moyo wake.

"Bwana, nthawi ino kumeneko m'mawa mukapeza polimba, masana phala. Sinowo wa pa kanema uja simukamuona, ndipo mukakamuona, ana anu sangalowemo. Awa akakuvutani kukhota. Tengani awa apakati, aafupi, otsika mtengo. Kapena musagule n'komwe, mukabwereke komweko, muzikasintha malinga ndi tsiku."

"Ndikufuna awa."

"Apakatiwa ndikupakirani phula ulere."

"Ndati awa."

"Ndiwonjezera chikwama chonyamulira."

Ndinadzimva ndekha ndikunenerera chobwerera m'mbuyo, kumukakamiza munthu kuti alipire zochepa. Anzanga a pabenchi akanandiona akanandipititsa kwa asing'anga.

"Kodi ndalama zanga mukuzifuna kapena ayi?" anafunsa bamboyo, nkhope itafiira.

"Ndikuzifuna, bwana, mpaka fungo lake ndikulimva. Koma awa ndawayesa ndekha pa ayisi." Ndinapinda mkono wa juzi n'kumuonetsa chigongono, chomwe chinali chitasintha mitundu ngati mango owola. "Ine sindikugulitsani. Mayi ali apowo ndiwo eni shopu, mukhoza kuwafunsa."

Anayang'ana kwa Mayi Maureen. Iwo sanadzutse mutu. Bamboyo anabweza khadi m'thumba, ananena kuti mashopu ndi ambiri mu London, n'kutuluka. Belu la pachitseko linalira, kenako zii.

Palibenso wina anagula kanthu tsiku limenelo. Nthawi yotseka itakwana ndinamasula epuloni, ndinaipinda bwinobwino, n'kuiika pakauntala. M'mutu ndinali nditayamba kale kukonza mawu okawauza mayi a Tadala.

"Mwandithamangitsira kasitomala wamkulu wa sabata yonse," anatero Mayi Maureen.

"Eya, mayi."

"Ndipo chikwama chija mumagawa ulere n'changa."

"Eya, mayi."

Anatseka buku lawo, n'kuloza makatoni a pamasitepe ndi ndodo.

"Njinga mumazidziwa?"

"Mayi, njinga ndiye musafunse. Ndinanyamulirapo mbuzi ziwiri ndi apongozi ulendo umodzi."

"Lolemba eyiti koloko. Iliyonse muziyamba mwaikwera musanaigulitse."

Anandikankhira epuloni ija ndi nsonga ya ndodo. Ndinaivala pomwepo, ngakhale tinali tikutseka. Mfundo inakana kawiri konse, mpaka Mulenga anachita kukwera masitepe kudzandimanga kumbuyo, akung'ung'udza kuti chaka chathunthu azimva za chimanga cha ku Malawi.